Mphini zimene zinasowa panjira

Ine ndine munthu wosaugwira mtima. Amayi ankati ndinabadwa ndikuthamanga, ndipo mpaka lero tiyi ndimamwa ndili chiimire. Choncho ntchito yojambula mavidiyo a maukwati ndi maliro inandiyenera mbali imodzi yokha, yothamanga ndi kamera pakati pa anthu. Mbali inayo, yokhala pansi n'kumayang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa laputopu pamene vidiyo ikukwera pa intaneti, inali chilango changa cha tsiku ndi tsiku.

Ndinali ndi kachipinda pa Uliwa, kuseri kwa mashopu, pafupi ndi msewu waukulu. Makasitomala anga enieni sanali anthu ovina pa ukwatiwo ayi. Anali abale awo akutali, a ku Lilongwe, a ku Dar, makamaka a ku Joni, amene amafuna kuona kuti wabwera ndani, wavala chiyani, ndipo amene sanabwere n'komwe ndi ndani. Chifukwa cha iwowa ndinatsegula katsamba kanga pa intaneti. Ndinapeza malo pa seva, kompyuta ya eni yosazima imene ili kudziko limene sindinapondeko, n'kumaikapo mavidiyo. Wachibale ndinkangomutumizira linki, iye n'kutsegula ali komweko.

Poyamba zinkandichititsa manyazi. Vidiyo ikangotuluka mu kamera imakhala yolemera, ndipo netiweki yathu mukuidziwa. Ndinkayamba kukweza m'mawa, dzuwa n'kufika paliwombo ili pakati, kenako magetsi thi, zonse n'kuyambiranso. Malo anga pa seva ankadzaza ndi maukwati ochepa okha. Ndipo wotsegula uko ankangoona kachizindikiro kakuzungulira, bandulo n'kumuthera asanaone ngakhale nsapato ya mkwatibwi. Ena ankandiimbira n'kundifunsa ngati ndinaphunziradi ntchitoyi kapena ndinangogula kamera.

Ndiye ndinaphunzira kufinya mafayilo. Kufinyako kuli pawiri. Kwina kuli ngati mmene amayi a geni ya usipa amachitira ku Ngara, kutsendera m'thumba, kukhutchumula, kutsenderanso, mpaka zambiri zilowe m'thumba limodzi. Ukakamasula uko, usipa wako ndi womwewo, palibe kansomba kasowa. Koma vidiyo siitsendereka kwenikweni mwa njira imeneyi. Kuti ipepuke zenizeni pamafunika kufinya kwinako, kotaya. Pulogalamu imayang'ana chithunzi n'kudzisankhira yokha zimene ikuganiza kuti diso silingazifune. Khoma likakhala lomwelo nthawi yaitali, siilisunga kambirimbiri. Timadontho ndi timizere ting'onoting'ono imatisalaza. Zotayidwazo sizibweranso.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda, ndipo ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Ukwati wathunthu unkakwera ndisanatope n'kudikira. Tsamba linkatseguka ngakhale pa tifoni tosweka magalasi. Pa malo omwe aja ndinkaikapo maukwati a chilimwe chonse, ndipo kope la tsamba lonse, lija timati bakapu, ndinkalitsitsa msanga magetsi asanandichite chipongwe. Mavidiyo enieni osafinya, olemera aja, ndinkawatsendera mwa njira yosataya ija n'kuwaika mu disiki yapadera. Disikiyo sinkakhala kwanga, chifukwa chipinda changa chamalata nthawi yotentha chimatha kuwiritsa dzira, ndipo disiki yanga yoyamba inafera mmenemo. Inkakhala m'kabati yokhoma kwa mnzanga wa shopu ya zitsulo ndi simenti, bambo wachisilamu wochokera ku Mangochi, amene chipinda chake chakumbuyo n'chozizirirapo.

Amayi ankakhala ku Lupembe, kumudzi kwa malemu bambo athu. Ntchito yanga sankaimvetsa ndipo sankafuna kuimvetsa. Ankati mwana wawo amadya chifukwa choloza anthu ndi kabokosi. Ndikafuna kuwajambula ankabisa nkhope ndi chitenje, amvekere ukajambule okongola ku Boma. Pa tsaya lawo lamanzere, kuyambira m'munsi mwa diso kulowera kukhutu, panali mphini, timizere tating'ono takuda timene anawatema ali mtsikana chifukwa cha mutu umene unkawavuta. Mchemwali wanga wamkulu, amene kwathu ndimamutchula kuti adumbu, ali mwana sankagona asanasisite timizereto ndi chala. Nkhani imeneyi amayi ankaikamba nthawi zonse akafuna kumuchititsa manyazi pamaso pa alendo.

Mchemwali wangayo ali ku Joni. Amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo ana ake awiri amaphunzira komweko. Mapepala ake anatha kale mphamvu. Aliyense kwathu amadziwa tanthauzo la zimenezi: ukatuluka, pachipata amakudinda, ndipo kubwereranso ndi nkhani ina. Ana angatsale m'manja mwa anthu apanyumba poyandikana, ntchito n'kupita kwa wina. Choncho amayi atatisiya m'chipatala, atadwala nthawi yochepa, tonse tinamuuza chimodzimodzi kuti asabwere. Analira pa foni mpaka mawu kutha, kenako anandiuza ine ndekha.

"Ujambule zonse. Makamaka nkhope. Ndikapanda kuona nkhope ya amama, ine sindikhulupirira kanthu."

Kukatenga thupi ku mochale kunapita asibweni, mchimwene wa amayi, pamodzi ndi amuna ena a kuchimuna. Ine ndinali m'minibasi ndikuthamangitsana ndi mabatire. Ndinafika bokosi lili kale m'nyumba. Nthawi yoona nkhope itakwana, akuluakulu ena ananyinyirika ataona kamera, koma asibweni anati, "Mlekeni. Amenewo ndi maso a mlongo wake." Ndinalowa pamzere ngati wina aliyense. M'nyumbamo munali kamdima, mawindo atatsekedwa ndi anthu, amayi a mvano akuimba. Ndinaima pamutu pa bokosi, ndinaloza, maso anga ali pa kagalasi ka kamera kuona ngati kuwala kukukwana. Wina anandikankha pang'ono kumsana kuti mzere uyende, ndipo ndinayenda.

Maliro onse sindinalire. Sindikudziwa kuti munthu angalire bwanji akuwerengera batire. Nditabwerera ku Uliwa ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse. Ndinafinya vidiyoyo, ndinaikweza, ndinatumiza linki. Yeniyeniyo ndinaitsendera mu disiki n'kukaisiya m'kabati kwa mnzanga, ndipo khadi ya mu kamera ndinaifufuta chifukwa Loweruka kunali ukwati ku Ngara. Pamalo pa nkhope paja sindinayang'anepo, ndinangodumpha. Mtima sunandilole.

Foni inalira ndili kuseri kwa mkwati ndi mkwatibwi, anthu akuponya ndalama, zimkuzamawu zikugwedeza nthiti. Ndinatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango.

"Aŵa mbamama yayi," anatero mchemwali wanga m'chilankhulo chakwathu. Sanandipatse ndi moni womwe.

"Mukuti bwanji, adumbu?"

"Ndikuti awa si amama. Ndabwereza, ndabwereza. Munthu uyu nkhope yake ndi yosalala ngati ya mtsikana. Mphini zili kuti? Iwe, mphini za amama zili kuti? Mwakatenga mtembo wa eni ake."

Ndinayamba kumufotokozera za kufinya, za kamdima ka m'nyumba muja, kuti pulogalamu ikaona timizere takuda pamalo osawala imatiyesa zinyalala. Anandidula.

"Makina angachotse bwanji chinthu chimene chili pa thupi la munthu? Mphuno wasiya, milomo wasiya, n'kusankha mphini zokha? Usandipusitse ine. Amene anakatenga ndi asibweni, ndipo maso awo ofooka aja ukuwadziwa. Iweyo unawaona amama ndi maso ako?"

"Ndinali pomwepo."

"Sindinafunse zimenezo. Ndi maso ako, kapena ndi kabokosi kako?"

Ndinayang'ana kamera imene inkalendewera pachifuwa panga.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero. "Ndikukwera basi Loweruka likubwerali. Ndidzaona ndekha, ngakhale kukhale kufukula."

Ukwati uja ndinaumaliza ndi thupi lokha. Nditafika kunyumba ndinatsegula tsamba langa, kwa nthawi yoyamba n'kuimitsa vidiyo pamalo paja. Duku linali lawo, loyera la mvano, koma maduku a mvano onse ndi ofanana. Pansi pa dukulo panali nkhope yofewa, yopanda khwinya, yopanda mphini, ngati yopakidwa mafuta. Ndinaikulitsa, inasanduka timabokosi. Ndinaichepetsa, inabwerera kukhala mayi wina wake wogona. Ndikudziwa bwino mmene pulogalamuyo imagwirira ntchito, ndakhala ndikuilambira zaka zonsezi. Komabe ndinayamba kukayika. Ndinayesa kukumbukira zimene ndinaona m'nyumba muja, ndipo chimene chinabwera m'mutu ndi kachizindikiro ka batire kakuphethira pakona.

Ndinathamangira kwa mnzanga wa shopu. Ndinapeza loko wamkulu pachitseko. Akazi awo, amene amagulitsa mandasi pakhonde, anati bambo apita ku Kyela, kutsidya kwa malire, kukaoda katundu, ndipo makiyi a kabati amayenda nawo m'thumba.

"Abwera liti, mayi?"

"Mulungu akalola, achimwene."

"Nanga foni?"

"Akawoloka Songwe siigwira. Pali zovuta?"

Ndikanati chiyani? Kuti amayi anga ali m'kabati mwa amuna anu? Ndinagula mandasi amene sindinawadye n'kubwerera.

Masiku otsatirawo sindinakhale pansi. Ndinkatsegula laputopu, kuyesa kunola chithunzicho ndi pulogalamu iyi ndi iyo, ngakhale ndinkadziwa kuti chimene chinatayidwa palibe angachibweze. Ndinatsitsa bakapu yonse ya tsamba ngati kuti mwina mmenemo muli zosiyana, koma bakapu imangosunga zimene unaipatsa, ndipo ine ndinaipatsa zofinya. Ndinkatseka, kutuluka, kukasuzumira loko uja, kubwerera, kutsegulanso. Anyamata a njinga pa siteji anayamba kundiseka kuti ndikufunsira mkazi wa mwini shopu. Vidiyo ya ukwati wa ku Ngara inangokhala osaigwira, eni ake akuimba, ine osayankha. Ndinali wokwiya ndi aliyense, ndi netiweki, ndi mnzanga woyenda ndi makiyi, ndi mchemwali wanga wamakani, ndi amayi omwe amene ankabisa nkhope ndikafuna kuwajambula ali moyo.

Mchemwali wanga sanangoimbira ine ndekha. Nkhani inafika ku Lupembe ine ndisanafike. Ndinakwera minibasi kupita kumeneko, ndipo ndinapeza asibweni akumanga mpanda wa khola la ng'ombe. Ndinaima chapafupi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa moni waulemu wopatsa mlendo. Anandizindikira nditayankha.

"Ndiwe, muphwa wane, mwana wa mlongo wanga? Wabwera kudzandizenga mlandu nawenso?"

"Ayi, asibweni."

"Ine mlongo wanga ndingamusokoneze ndi munthu wina? Tinayamwa bere limodzi. Ndinamugwira dzanja ku mochale kuja, chala chake chopindika chija ndinachimva. Mwana amene sanabwere ndi kumaliro komwe lero akuti ndinaika mlendo pambali pa bambo ake!"

Ndinawamvera chisoni. Koma ndinaonanso mmene ankafufuzira chingwe pansi ndi dzanja, chili pafupi ndi phazi lawo. Amayi amene anasambitsa thupi anati analidi iwowo, ndipo anandiyang'ana ngati ndapenga. Mmodzi anawonjezera kuti kungoti nkhope inali itasintha pang'ono, monga zimakhalira. Mawu amenewo akanatha kuwasunga. Ndinapita kumanda, ndinaima pamtumbira, nkhata zitafota ndi dzuwa. Panalibe chimene dothi likanandiuza. Ndinabwerera ku Uliwa ndi nkhawa yoposa imene ndinapita nayo.

Madzulo ake mchemwali wanga anatumiza chithunzi cha chikwama chomangidwa kale. Ndinamuimbira n'kumuchonderera kuti aganizire ana.

"Ana ndawauza kuti akhala kwa mnzanga wa kutchalitchi."

"Nanga akakukanizani kubwerera?"

"Ndiye ndisiye amama ali m'firiji ngati alibe ana? Kapena aikidwa kale kwa eni, akulira anthu osawadziwa? Iwe ukugona bwanji?"

Sindinali kugona bwino, koma sindinamuuze. Ndinangomupempha kuti andidikire mpaka Lachisanu. Anati tikiti wagula kale, ndipo sadikira kupitirira tsiku limenelo.

Lachisanu m'mawa loko anali pomwepo. Miyendo inakana kukhala. Ndinakwera minibasi ya ku Boma, ndikuganiza kuti ndikamudikire mnzanga pa depoti pamene amatsikira a ku Songwe, ndimulande makiyi, ndibwerere msanga. Nzeru za munthu wosokonezeka. Ndinaima padzuwa, ndikusuzumira m'galimoto iliyonse, makondakitala akundikoka malaya kuti ndikwere. Chipewa choyera chilichonse chonga cha mnzangayo ndinkachithamangira. Kenako foni inalira, anali akazi a mnzanga aja.

"Achimwene, muli kuti? Bambo afika pa lole ya simenti, akutsitsa."

Lole imeneyo iyenera kuti inandidutsa ndili m'minibasi. Ulendo wobwerera unali wautali kuposa maulendo onse amene ndinayendapo pa msewu umenewu. Dalaivala ankaima paliponse pamene paima munthu, ngakhale wongodikira kuwoloka. Pa Ngara tinakweza mabeseni a nsomba, ndipo kukangana za malo kunatenga nthawi yake. Ndinafika pa Uliwa thukuta lili kamukamu, n'kupezanso loko. Inali nthawi ya mapemphero a Lachisanu. Ndinakhala pa thumba la simenti pakhonde, ndinaimirira, ndinazungulira shopu, ndinakhalanso.

Mnzanga anabwera akuyenda mwa chizolowezi chake, pang'onopang'ono, akupereka moni kwa aliyense. Atamva nkhani yanga anasiya kumwetulira, anandipepesa za maliro kachiwiri, n'kutulutsa makiyi.

"Mukanathyola kabatiyo, achimwene, sindikanadandaula," anatero. "Koma pitani nayo bwino, musagwe nayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinathamanga nayo basi.

Magetsi analipo, mwamwayi. Ndinalumikiza disiki, ndinayamba kumasula fayilo ija, kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Sindinathe kukayang'ana. Ndinasesa m'chipinda, ndinapukuta kamera yoyera kale, ndinatuluka panja n'kulowanso. Itamasuka, ndinaiyendetsa mpaka pamzere wa anthu olowa m'nyumba, msana wa munthu amene anali patsogolo panga, m'mphepete mwa bokosi. Ndinaimitsa.

Zinalipo. Timizere tonse, kuyambira m'munsi mwa diso kulowera kukhutu, kamodzi kokhota pang'ono monga kanalili. Makwinya a pakamwa, kachipsera ka pachibwano kamene ndinali nditakaiwala. Anali amayi anga. Ndinaseka ndekha m'chipindamo, kuseka kwa munthu amene wapambana mlandu. Mtima unali pa chinthu chimodzi, kumuonetsa mchemwali wanga kuti ndinkanena zoona.

Vidiyo yonse sikanakwera, ndipo ikanakwera iye sakanaitsegula. Ndinatengamo chithunzi chimodzi chokha, nkhope yokha, n'kuchisunga osachotsamo kalikonse. Sindinafune kuchitumiza pa mauthenga a pa foni, chifukwa nawonso amafinya okha osakufunsa. Ndinachikweza pa tsamba langa, cholemera choncho, n'kutumiza linki. Kenako ndinatuluka kukaima pamsewu pamene netiweki imagwira bwino, ndinamuimbira.

"Tsegulani, adumbu. Musadule foni."

"Chikuzungulira."

"Chidikireni. Ndi cholemera, chizitsika pang'onopang'ono kuyambira pamwamba."

Malole ankadutsa, fumbi likundilowa m'kamwa. Ndinkayenda uku ndi uku m'mphepete mwa phula. Kumbali yake ndinkamva wailesi ndi mwana akufunsa kanthu m'chilankhulo cha kumeneko.

"Ndikuona duku," anatero.

"Eya."

"Chipumi." Panapita kanthawi. "Nsidze. Chaima."

"Sichinaime, chikubwera."

"Maso otseka."

Kenako zii. Ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka, koma inali ikuwerengabe. Ndinaitana, sanayankhe. Ndinali nditakonzeka kunena kuti mwaonatu, ndinakuuzani, ndipo mawuwo anali kale pamilomo. Ndiye ndinamva kaphokoso kakang'ono, kobwerezabwereza, ngati chikhadabo chikukhudza galasi. Zinanditengera kanthawi kuti ndizindikire. Ankasisita mphini zija ndi chala pa foni.

"Amama ŵane," anatero motsitsa. Kenako analira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, kumene akazi amalira akamalowa pabwalo la nyumba ya siwa. Analira yekha m'kachipinda ka lendi, ana ake akumuyang'ana, popanda womugwira paphewa. Ine amene ndinayesa kuti ndikumutumizira mpumulo, ndinali nditamutumizira maliro. Masiku onse aja ankakangana nafe, kumanga chikwama, kutukwana asibweni, amayi anali asanamwalire kwa iye. Anamwalira Lachisanu limenelo, pa foni yanga.

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi anyamata a njinga aja, ndipo nanenso ndinalira koyamba chimwalirire amayi. Palibe anaseka. Mmodzi anasuntha njinga yake kuti inditchingire dzuwa.

Basi ija mchemwali wanga sanakwere. Anaimbira asibweni n'kupepesa, iwo anati mwana akalira mayi ake satengeredwa mlandu, ngakhale mpaka pano akamamutchula amayamba ndi kutsokomola. Ana akupitiriza sukulu. Vidiyo ya ku Ngara ndinaimaliza mochedwa, ndinaifinya monga mwa masiku onse, ndipo eni ake anaiyamikira kuti ikutseguka msanga. Kufinya sindinasiye, popeza popanda iko ntchito yanga palibe. Kungoti pa maliro a anthu ena, ndikafika pa nkhope, ndimatsitsa kamera kaye n'kuyang'ana ndi maso.

Patapita nthawi malo pa seva anayamba kuchepa, ndipo ndinafuna kuchotsa zakale. Ndinamuuza mchemwali wanga kuti vidiyo yoyamba ija, yosalaza nkhope, ndiichotsa, popeza ndiyo inatisokoneza ndipo chithunzi chenicheni chilipo.

"Usaichotse," anayankha msanga.

"Ija yonama ija?"

"Ndikudziwa kuti ndi amama. Koma mu ija akuoneka ngati mayi wina amene akungogona, ndiye ndimatha kuwayang'ana nthawi yaitali. Chinacho sindingathe. Isiye."

Ndinachotsa ukwati wa anthu ena m'malo mwake. Seva imakuonetsa fayilo imene yatsegulidwa ndi dziko limene wotsegulayo ali, ndipo ine ndi kusakhazikika kwangaku ndimasuzumirapo kawirikawiri. Chithunzi cha mphini chija, chimene ndinachithamangira mpaka ku Boma, chinatsegulidwa tsiku lija lokha. Vidiyo yofinya ija imatsegulidwa kuchokera ku Joni pafupifupi Lamulungu lililonse, chakumasana, anthu akaweruka kutchalitchi.